Mazira a Kameta ndi Galimoto Yosatsokomola

Lachisanu, 6 Juni

Kameta wafa. Wagundidwa ndi galimoto pageti pathu pomwe, ndipo woyendetsa ndi mwamuna wanga.

Ndilembe bwinobwino, mwina mtima ungatsike. Bambo a kunyumba kuno, amene ine ndi achimwene timawatcha a Tsogolo chifukwa nkhani yawo iliyonse imakathera pa "tsogolo", amayang'anira magalimoto kukampani kwawo. Ogulitsa magalimoto awabwereka yamagetsi kuti aiyese sabata imodzi, Lachisanu likubwerali akauze mabwana ngati kampani igule zoterezi. Ndiye lero asiya Chifuwa, galimoto yathu yakale ija, kuofesi. Abwera ndi chinthu choyera mbee, choyenda mwakachetechete ngati wakuba.

Chifuwa amayamba kutsokomola akadali pakona. Nkhuku zonse zimamudziwa, zimachoka zokha panjira. Kameta anali atatsika pamazira kudzasamba fumbi pamalo pake pa masiku onse, pakati penipeni pa geti. Akanamva chiyani? Inenso sindinamve kanthu. Ndangomva, "Amayi! Tabwerani kuno!"

Nkhuku imeneyi anandipatsa ndi amayi chaka chimene anatisiya. Khosi lopanda nthenga, lofiira psuu, yonyansa kwabasi. Amayi ankati, "Mng'ono wako uyu, uzimusamala." Za amayi ndinatenga mbale ziwiri, nsalu, ndi iyeyu. Mbalezo sizikuthamangira ukatuluka panja.

A Tsogolo aima pamenepo kiyi ali m'manja, nkuti, "Inalowa yokha pansi." Ndagwada pambali pa Kameta. Kenako iwo, poyesa kunditonthoza: "Komabe ndiwo tapezatu."

Zaka zonsezi ndili pabanja ndi munthu ameneyu!

Ndamukwirira pansi pa mgwafa. Mazira asanu ndi awiri atsala m'dengu, akadali ofunda, kwatsala ngati sabata kuti aswe. Akafa amenewa ndiye kuti mtundu wa nkhuku za amayi watha. Ndaimbira achimwene. Ali ndi makina ofungatira mazira aja anagula nthawi ya bizinesi yawo ya zinziri, imene inauluka pamodzi ndi zinzirizo. Abwera nawo dzuwa lisanalowe.

Tiyi wa madzulo ndawapatsa a Tsogolo, a T. mwachidule, wopanda shuga. Amwa mpaka kumaliza.

Loweruka, 7 Juni

Makina ali m'chipinda cha katundu, pamwamba pa katoni ya mabuku akale. Kabokosi ka pulasitiki, kagalasi pamwamba, kanyali kofiira. Kanyaliko kakayaka ndiye kuti mkati mukufunda. Ndalemba X pa dzira lililonse kuti ndisasokoneze potembenuza.

Achimwene abwera m'mawa, ati kudzaona ngati makina akugwira. Makinawo angowaponyera diso. Atuluka panja, azungulira galimoto yoyera ija manja ali kumbuyo ngati akugula ng'ombe.

"Alamu, ayironi yanuyi ili ndi matayala abwino."

Basi, nkhondo yayambira pomwepo.

Achimwene amanyamula anthu mtauni ndi haibulidi, ija ya mafuta ndi batire pamodzi. Kwa iwo imeneyo ndiye galimoto ya munthu woganiza: batire ikatopa injini ilipo, ndipo pamzere wa petulo umapitako mwa apo ndi apo. A T. amaitcha mleme, ati siidziwa ngati ndi mbewa kapena mbalame. Ati ndi ya anthu amantha, ofuna tsogolo atagwira siketi ya dzulo.

"Muitchaja ndi magetsi ake ati, alamu? Omwewa amathima mphepo ikangoyetsemula?"

"Nanga mapampu a petulo amayendera chiyani? Malovu?"

Apo a T. anagoletsa, ndivomere. Koma sindinaseke. Ndili pa maliro ine.

Pochoka achimwene andinong'oneza: "Chemwali, nkhuku yonse ija kukwirira? Ndi chiwindi chomwe?" Amuna ndi amodzi basi.

Lamlungu, 8 Juni

A T. adutsitsa chingwe pawindo la pabalaza, galimoto ikuyamwa pa soketi ya wailesi. Ine ndikuphika, giza ikuwiritsa madzi. Tangomva thaa! Swichi yaikulu yagwa. Ndathamangira ku chipinda cha katundu chipande chili m'manja. Kanyali kazima.

Akweza swichi. Yagwanso.

Ati vuto si galimoto, vuto ndi mawaya a nyumba ino, anaikidwa nthawi imene anthu ankangoyatsa babu ndi wailesi. Ati nzosavuta, tingogawana nthawi: ine ndikaphika galimoto idikire, galimoto ikamadya ine ndisayatse sitovu, ayironi kapena giza. Ndiye nyumba ino tsopano ili ndi mkazi wachiwiri, ndipo amakhalitsa pambale kuposa ine.

Masana andiitana kuti ndidzaone kumbuyo kwa galimotoyo, kumene amaika katundu. Kuli soketi ngati yapakhoma. "Magetsi akathima mutha kuwiritsa ketulo pamenepa, amayi." Nkhope ili ngwee ngati soketiyo apanga okha.

Ndati ine sindimwa tiyi wa chigawenga.

Lolemba, 9 Juni

Ndatseka makatani, ndaunika mazira ndi tochi ya foni. Limodzi ndi madzi okhaokha, ndalichotsa. Enawo muli mdima, ndipo mdimawo ukuyenda. Ndawauza kuti mayi wawo wapita kumsika.

Shuga akadali pa sitalaka.

Lachiwiri, 10 Juni

Magetsi athima a T. atangonyamuka, abwera dzuwa litapendeka. Tsiku lonse ine ndi mabotolo a madzi otentha. Wiritsa pa makala, thira m'botolo, kulunga pa thawulo, ika mbali mwa makina, funditsa bulangete. Likazizira, yambiranso. Kunja kukuzizira ngati kwalipidwa. Kameta ankachita zonsezi atangokhala pansi, maso atatsinzina.

Amayi a saluni a nyumba yoyandikana nafe abwera kudzapempha moto, koma moto weniweni anabwera nawo okha. Ati kuyambira Lamlungu, galimoto yathu ikayamba kuyamwa, mababu awo amasanduka achikasu ndipo choumitsira tsitsi chimangopuma ngati nkhalamba. Kasitomala wina anapita kwawo mutu uli theka. Ati thiransifoma ya pamtengo wa pakona ikulira ngati muli njuchi. Ndawauza kuti akanene kwa eni ake, ine galimotoyo sitiyankhulana.

Madzulo bwalo lakhalanso pakhonde. Achimwene abwera "kudzaona makina".

Iwo ati thiransifoma ija anaiika msewu uno uli ndi nyumba zowerengeka. Pano kuseri kwa nyumba iliyonse kuli nyumba zina za lendi, ndipo Juni uno aliyense wayatsa hita. "Ndiye aliyense agule ayironi ya alamu, tidzaothera moto pamtengo pomwepo. Akonze kaye mawaya, kenako tikambe."

A T. ati "kaye" ameneyo ndiye watikalambitsa. Ati a magetsi sangakulitse mawaya pamene palibe wowakakamiza, ngakhale misewu ya tala inabwera magalimoto atabwera kale. Ati petulo amachokera kutali, dzuwa lili pamutu pathu pomwepa, munthu ungoika sola padenga.

"Denga lake liti, alamu? La lendi lomweli?"

Chimodzi kwa chimodzi.

Akambirana mpaka tiyi wazizira, za mabatire, za utsi, za ana a ana athu. Wofunsa kuti mazira aswera bwanji lero, palibe. Ine maganizo anga pa nkhani ya dziko lonseyi ndi afupi: amene angasunge kanyali kofiira kaja kali koyaka mpaka Lachisanu, voti yanga ndi yake.

Lachitatu, 11 Juni

Achimwene aswera pamzere wa petulo. A T. anawapeza pamenepo, ati anachepetsa liwiro, kutsitsa galasi pang'onopang'ono, nkufunsa kuti, "Mleme wamva ludzu?" Andifotokozera nkhaniyi kawiri, kachiwiriko ndi manja omwe. Achimwene lero sanabwere kudzaona makina.

Ndawamva a T. kubafa akuyeserera zokanena kwa mabwana. "Mabwana anga, tsogolo silidikira." Kenako ndi mawu okulirapo: "Tsogolo. Silidikira." Galasi lavomereza.

Koma pali china. Ndikuchokera kokanula zovala ndawapeza m'chipinda cha katundu, atawerama, mphuno ili pa kagalasi ka makina. Atandiona adzuka msangamsanga, ati amafuna sikuludiraiva. Sikuludiraiva imakhala m'kabati ya kukhitchini chibwerereni m'nyumba ino.

Lachinayi, 12 Juni

Ndasiya kutembenuza, ndathira madzi m'kambale ka mkati monga anandiuzira achimwene. Masana ndikusesa ndamva kanthu. Ndazimitsa wailesi, ndagwada, khutu pa bokosi.

Tswii. Mkati mwa dzira!

Ndalira, ndisaname. Ndinafuna kuimbira amayi. Foni ndinaigwira ndithu.

A T. abwera batire ili pansi, ati tsiku lonse amazungulitsa anzawo a kuofesi kuti alawe tsogolo. Ati palibe vuto, itchaja usiku wonse, mawa ikhala yokhuta. Ndasita malaya awo mwachangu kuti mkazi mnzanga adye. Angolumikiza chingwe, magetsi zii. Msewu wonse.

Mabotolo, bwerani.

Lachisanu, 13 Juni

Ndikulemba miyendo ili m'beseni. Tsiku la lero ndi lalitali ngati mwezi.

Soketi ya m'galimoto ija ndinaikumbukira dzulo lomwe, koma ndinati bola mabotolo kusiyana ndi kupempha chigawenga. A T. nawo sanaitchule, batire yotsalayo amaisungira mabwana.

Kutacha magetsi abwera. Msewu wonse wadumphira pa maswichi nthawi imodzi: maketulo, mahita, magiza, choumitsira cha amayi a saluni, ndi mkazi mnzanga pawindo. Sindinamalize nkomwe kupinda bulangete. Phuu! Utsi pamtengo wa pakona, agalu kuuwa. A magetsi pafoni ati mwina Lolemba.

Lolemba! Makala atha. Ndasuzumira pa kagalasi: dzira limodzi labooka, kamlomo kakuoneka, kakutsegula ndi kutseka. Bokosi likuzizira ndikuligwira.

Kunyada kunathera pomwepo. Ndanyamula makina, ndatenga kiyi pa tebulo, ndalumikiza kumbuyo kuja, chingwe ndadutsitsa pamwamba pa mpando. Kanyali ngwee. Ndakhala pampando wakumbuyo bokosi lili pamiyendo, ndili ndi duku ndi masilipasi.

A T. atuluka atavala suti.

"Amayi, mabwana akundidikira."

"Inapha mayi wawo. Ifungatire yokha."

Ayang'ana ine, ayang'ana nambala ya batire, ayang'ana kamlomo kaja. Apuma mozama. Ati chabwino, kuofesi kuli magetsi, tikafika makina tikalumikiza pakhoma, galimoto nayo ikadya konko. "Mangani lamba."

Pageti tapeza achimwene atafika kale, anamva za thiransifoma. Chingwe chokokera galimoto chili paphewa, mano onse panja. "Ndingokutsatirani pambuyo, alamu. Ngati m'bale." Amayi a saluni aima ndi anzawo kutsidya, manja m'chiuno. Palibe anatipatsa moni.

Tayenda opanda hita, opanda wailesi, kupulumutsa batire. Pa hampu iliyonse a T. amaima ngati akupempha chilolezo, maminibasi kutiimbira mahutala, kondakitala wina anafunsa ngati tanyamula maliro. Ndivomere muno mokha, mmene sawerengamo munthu: galimotoyi imayenda bwino. Madzi a m'kambale sanatayike ngakhale dontho. Mukanakhala mu Chifuwa mazirawa akanafika ali okazinga.

Titayandikira, kutsogolo kwa chiwongolero kwatuluka kachithunzi ka kamba. Ati ndiye kuti batire yatsala pang'ono kutsanzika. Pagalasi ndikuona achimwene akutiwonetsa chingwe pawindo.

Talowa pageti la ofesi tikukwawa. Mlonda nkuti, "Bwana, magetsi kulibetu chiyambire m'mawa. Jenereta nayo ilibe dizilo."

Achimwene: "Mwaona magetsi anu?"

A T.: "Mwamva dizilo wanu?"

Aliyense wasangalala kuti wapambana. Ine maso ali pa kanyali. Ndafunsa a T. kuti moto watsalawo ufika pati. Ati makinawa sadya zambiri, galimoto itangoima chonchi atha kuyaka mpaka mawa. Koma ikalowa pamsewu, ifika pa raundabauti basi, kenako zonse zii, ndi soketi yomwe.

Akunena choncho, mabwana akutuluka. Patsogolo abwana aakulu, mayi wamtali wa magalasi a tcheni. Pambuyo pawo kabwana kena ka jekete lothina, foni m'manja. Abwana aakulu sanafune nkomwe zolankhula zija za kubafa. Atambasula dzanja: "Bweretsani kiyi, ndiizungulitse mpaka pa raundabauti ndimve ndekha."

Ndagwira bokosi mwamphamvu. Ndikanawaletsa bwanji? Munthuyu sabata yonse wakhala akulota mphindi imeneyi, ndipo ntchito ndi yake, ndi imene timadyera. Ndinangoyamba kutsanzikana nawo anapiye mumtima.

A T. ayang'ana kiyi. Aibweza m'thumba.

"Pepani bwana, lero siyenda."

"Yawonongeka kale?"

"Ayi bwana. Ikufungatira."

Kabwana kaja kaseka mokweza, nkufunsa ngati lipoti lake ndi limeneli. A T. thukuta lili kamukamu ndi kuzizira konseku. Koma apitiriza.

"Ndinagunda nkhuku ya malemu apongozi anga ndi galimotoyi. Siinandimve, ndipo ine sindinayang'ane. Ana ake ndi awo ali m'bokosimo. Moto watsala mu batire ndi wawo."

"Sindinayang'ane." Sabata yathunthu ndakhala ndikudikira mawu amenewo, ndipo akawanenera pamalo oimika magalimoto, pamaso pa mabwana, atandipatsa msana.

Abwana aakulu sanaseke. Atsegula chitseko cha kumbuyo, andiyang'ana kuyambira duku mpaka masilipasi, ndawapatsa moni ngati munthu wolongosoka. Aweramira pa kagalasi. Dzira lija linali litang'ambika mozungulira. Kamwendo kakankha, chikamba chagwera uko, kanthu konyowa kagwa chafufumimba. Kadzutsa mutu.

Khosi lili mbulanda. Lofiira psuu.

"Kakudwala?" afunsa abwana.

"Ayi bwana, ndi mtundu wake," atero a T. "Ndi mwana wa mlamu wanga."

Abwana sanamvetse. Ine ndinamvetsa, ndipo duku linagwira ntchito ya mpango.

Abwana aweramuka nkuti, "Tsekani chitseko, kakumva mphepo." Msonkhano ausunthira sabata yamawa, galimoto ikhalabe nafe mpaka pamenepo. Ati m'lipotimo mukhale zonse, za thiransifoma ya kwathu, za swichi, za jenereta, osati zokoma zokha. Kabwana kaja kanalemba kanthu mu foni, sindikudziwa kuti n'chiyani. A T. ati tiziona Lolemba.

Anthu a muofesi anayamba kubwera m'magulumagulu kudzasuzumira pawindo, ena kugogoda galasi. Achimwene atenga chingwe chawo chija, amangirira pa mtengo ndi pa chipata, kutchinga galimoto yonse, nkuima pamenepo ngati wapolisi. Ndiyo ntchito imene chinagwira. Kenako anakagula mabanzi, alowa kutsogolo, ndipo awiriwo apitiriza mkangano monong'ona kuti asadzidzimutse ana. "Ikanakhala haibulidi bwenzi titabwerera kale kunyumba." "Ikanakhala haibulidi bwenzi mukuwafungatira m'khwapa."

Magetsi a kuofesi abwera masana, galimoto yadya. Tafika kunyumba dzuwa likulowa, tili ndi anapiye asanu. Atatu ndi a khosi la amayi awo. Dzira lotsalalo lili zii.

Loweruka, 14 Juni

Lomaliza lija silinaswe. Ndalikwirira pa mgwafa, pambali pa Kameta.

Msewu ukadali mumdima. Anapiye agona m'katoni, babu lawo likuyaka kuchokera kwa mkazi mnzanga. Amayi a saluni abwera m'mawa ndi foni kudzatchaja, ati za thiransifoma tidzakambirana magetsi akabwera, pakali pano tisasokoneze zinthu.

A T. anati apite kuofesi akaidyetse galimoto kuti madzulo babu lidzayake. Ndaika mabotolo m'katoni, ndalowa kukhitchini kuteleka madzi pa makala amene tinagula dzulo pobwerera. Pawindo ndikuwaona akuzungulira galimoto. Agwada pa fumbi ndi buluku lawo labwino, asuzumira pansi, mbali iyi, mbali inayo. Alowa. Atsitsa galasi, atulutsa mutu.

"Khoo! Khoo-khoo! Gudu-gudu-gudu-gudu, khoo!"

Mwamuna wamkulu, woyang'anira magalimoto a kampani, akubwerera chambuyo uku akutsokomola ngati Chifuwa, ndi kakubanika kake ka kumapeto komwe. Tambala wathawira kuseri kwa nyumba. Amayi a saluni foni yatsala pang'ono kugwa.

Ndaseka mpaka ndagwira sinki. Kenako ndatsegula windo ndawaitana kuti ayambe amwa tiyi, tsogolo lidikire pang'ono.

Amwa kamodzi, aima, ayang'ana m'kapu. Andiyang'ana. Ndati imwani, uzizira.